"Netiweki yavuta": tiyambe kufunsa kuti yavuta pati

Pali mawu awiri amene amatseka pakamwa Mmalawi aliyense: "netiweki yavuta." Ejenti wa ndalama za pafoni pa Nsaru akangowatchula, mumabweza foni m'thumba. Kalaliki wa kubanki akawatchula kumapeto kwa mwezi, mzere wonse umangopumira m'mwamba n'kufuna pokhala. Palibe amene amafunsa funso lachiwiri. Tinawalandira mawuwa ngati mmene timalandirira ng'amba, kuti n'za Mulungu, munthu sangachitepo kanthu.

Ine sindikugwirizana nazo. Ng'amba sipangidwa ndi munthu, koma sisitimu imapangidwa ndi munthu, imagulidwa ndi ndalama zathu, ndipo pali wina amene anasainira kuti ili bwino. Ikagwa pa tsiku lomwe anthu akuyifunitsitsa, kawirikawiri pamakhala chisankho chimene wina anapanga, kapena sanapange, miyezi ingapo m'mbuyomo. Chimodzi mwa zisankhozo n'chokhudza chipangizo chimene ambirife sitinachionepo, chotchedwa load balancer. Dzinali lisakuopseni. Ntchito yake mumaidziwa kale, mumaiona pachigayo.

Zimene tinaona mu 2020

Tiyambire pamene zinapweteka kwambiri. Mu October 2020 boma linakhazikitsa pulogalamu ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP. Thumba la feteleza la makilogalamu 50 linali pa K4,495, ndipo mabanja pafupifupi 3.8 miliyoni ndiwo amayenera kupindula. Makuponi a pepala anachotsedwa. M'malo mwake mlimi amapita ndi chitupa cha unzika, chija bungwe la NRB linalembetsa anthu oposa 9 miliyoni mu 2017. Kalaliki amajambula chitupacho ndi foni, foniyo n'kufunsa kumakompyuta a boma ngati mwini wake ali pamndandanda komanso ngati sanagule kale.

Maganizowo anali abwino, tisawanyoze. Makuponi amagulitsidwa, amabedwa, ena amasindikizidwa achinyengo. Koma m'masabata oyambirira nkhani imene inadzaza m'manyuzipepala ndi pamawayilesi inali ya netiweki. Feteleza ali m'depoti, mlimi ali pakhomo ndalama zili m'manja, kalaliki ali pampando, koma malonda osatheka. M'madera ambiri alimi amachita kugona pamadepoti podikira kuti makina adzuke.

Kwa ife a mafoni otsetsereka, sisitimu ikagwa timalemba madandaulo pa Facebook n'kupitiriza zina. Kwa mlimi wa kwa Kabudula kapena kwa Kalolo, ndi nkhani ya nsima ya chaka chonse. Feteleza wokulitsa amafunika pobzala kapena chimanga chikangomera, wobereketsa patatha masabata atatu kapena anayi. Chimanga sichidikira seva. Ndipo mzere ukatalika m'pamene mavenda ndi aziphuphu amapezerapo mpata. Munthu amene wapalasa njinga kuchoka ku Nambuma masiku atatu otsatizana, n'kumabwerako chimanjamanja, tsiku lachinayi amayamba kumvetsera uja akumunong'oneza kuti "bweretsani chitupacho, ndikupatseni kangachepe." Maboma amasintha, dzina la pulogalamu limasintha, koma chitupa, foni ndi mzere sizikuchoka. N'chifukwa chake nkhaniyi sinathe.

Malo atatu

Mawu oti netiweki amabisa zinthu zitatu zosiyana, ndipo eni ake ndi osiyananso.

Poyamba pali pakati pa foni ndi nsanja. Nsanja ikakhala kutali, kapena magetsi azima ndipo mabatire ndi jenereta zatha mphamvu, foni singalankhule ndi aliyense. Limeneli ndi gawo la makampani a mafoni ndi bungwe la MACRA.

Kachiwiri pali msewu, nthambo za fibre zimene zimanyamula uthenga kuchoka pansanja kupita kumizinda mpaka kunja. Dziko lathu lilibe nyanja yamchere, choncho intaneti yathu imadzera m'maiko oyandikana nawo kuti ikafike ku nthambo za pansi pa nyanja. Pa 12 May 2024 nthambo za EASSy ndi Seacom zitaduka, intaneti inavuta ku Tanzania, Kenya, Uganda, Mozambique ndi kuno komwe.

Kachitatu pali kwawo kwa sisitimu, kumene kuli maseva, makompyuta amene amalandira funso lanu n'kuliyankha. Uthenga utha kuyenda bwinobwino kuchoka pa Mpingu, n'kukafika pakhomo pamene pali chipwirikiti, palibe woulandira.

Pali kayeso kosavuta. Ngati pafoni yomweyo WhatsApp ikuyenda, mavidiyo a TikTok akutseguka, koma app imodzi yokha ndiyo ikuzungulira, nsanja musainamizire. Vuto lili kumapeto, kwa mwini sisitimuyo. Kumeneko n'kumene kuli nkhani yathu lero.

Kapitawo wa pachigayo

Taganizani chigayo chachikulu pa Namitete tsiku la msika, makina ogayira anayi m'nyumba imodzi. Popanda wolondolera anthu, aliyense amathamangira makina oyandikira khomo. Amenewo amatentha mpaka lamba kuduka, pomwe atatu enawo akungozungulira opanda kanthu. Mwini chigayo wanzeru amaika kapitawo pakhomo: "Mayi inu uko, achimwene apa, agogo dikirani pang'ono." Kapitawo ameneyu ndiye load balancer. Inu mumadziwa adiresi imodzi, khomo limodzi, koma kuseri kuli maseva khumi kapena chikwi, ndipo kapitawo ndiye amasankha yokuthandizani. Mutu umodzi susenza denga, seva imodzi singasenze dziko.

Luso lonse lagona pa mmene kapitawoyo amasankhira. Njira yophweka ndi yamalizanitsa: woyamba ku makina oyamba, wachiwiri ku achiwiri, kuzungulira choncho. Akatswiri amati round robin. Imayenda bwino anthu akakhala ndi katundu wofanana. Koma wina wabwera ndi kandowa, wina matumba asanu pangolo. Mukangowerenga mitu, makina ena amapanikizika ena akupuma. Ndiye pali njira yachiwiri, yotumiza munthu kumene mzere uli waufupi. Palinso kuganizira mphamvu: makina aakulu apatsidwe anthu atatu pamene aang'ono akupatsidwa mmodzi.

Apa pali msampha umene unandichititsa chidwi. Makina amene lamba waduka mzere wake umaoneka waufupi kwambiri, chifukwa aliyense wofikapo amabwezedwa msanga. Kapitawo wongoyang'ana kutalika kwa mzere amatumiza anthu onse kumeneko, kuganiza kuti ndi makina achangu. Seva yakufa imachitanso chimodzimodzi: imakana msanga, n'kumaoneka ngati yopepukidwa. N'chifukwa chake load balancer yabwino pa masekondi angapo aliwonse imagogoda pa seva iliyonse kufunsa ngati ili moyo, ndipo siikhutira ndi "ndilipo" chabe, imafuna kuona kuti ufa ukutulukadi. Yosayankha bwino imachotsedwa pamndandanda mpaka itachira.

Akapitawo alinso amitundu iwiri. Wina amangoyang'ana kuti thumba lachokera kuti ndipo likupita kuti, osalimasula. Ameneyu ndi wachangu zedi, akatswiri amati wa layer 4. Wina amamasula thumba n'kuona kuti ichi n'chokonola, ichi n'chogaya mgaiwa, n'kutumiza chilichonse ku makina ake. Ameneyu ndi wa layer 7, amachedwako pang'ono koma ndi wochenjera. Makampani aakulu amagwiritsa ntchito onse awiri, wachanguyo kutsogolo, wochenjerayo pambuyo pake.

Chovuta kwambiri ndi ichi. Mayi amene wathira kale theka la chimanga chake m'makina achiwiri simungamusamutsire ku achinayi ntchito ili mkati. Pa intaneti, timagawo tonse ta kukambirana kumodzi tiyenera kupita ku seva imodzimodziyo. Njira yachidule ndi kupatsa aliyense nambala, kuigawa ndi chiwerengero cha maseva, chotsalacho n'kukhala seva yake. Koma taonani: muli ndi maseva anayi, anthu achuluka, mwawonjezera yachisanu. Masamu amasintha, ndipo anthu anayi mwa asanu aliwonse amapezeka asamutsidwa. Mwafuna kuthandiza, mwagwetsa zonse. Mu 1997 David Karger ndi anzake pa yunivesite ya MIT ku America anatulukira njira yotchedwa consistent hashing, imene imachititsa kuti pakawonjezedwa seva yachisanu, asamuke ndi mmodzi yekha mwa asanu, ena onse akhale pomwe anali. Nzeru imeneyi ndi imene inathandiza kukhazikitsa kampani ya Akamai, ndipo lero ili pansi pa zambiri zimene mumatsegula pafoni.

Nanga kapitawo akadwala?

Ngati aliyense amadzera kwa kapitawo mmodzi, ndiye kuti iye akagwa, chigayo chonse chaima ngakhale makina onse ali bwino. Kale makampani amagula mabokosi okwera mtengo awiriawiri, limodzi logwira ntchito, lina longodikira kuti linzake lidwale. Ndalama ziwiri, ntchito ya chimodzi. Ndipo anthu akachuluka kuposa mphamvu ya bokosilo, munalibe kuchitira mwina koma kugula lina lalikulu.

Google inasiya njira imeneyi. Kuyambira 2008 inayamba kugwiritsa ntchito pulogalamu yake yotchedwa Maglev, ndipo mu 2016 inafotokozera dziko mmene imagwirira ntchito. M'malo mwa bokosi lapadera, ndi makompyuta wamba ambiri, onse akugwira ntchito ya ukapitawo nthawi imodzi, onse akutsatira masamu amodzi, kotero kuti thumba lanu likagwera m'manja mwa kapitawo aliyense, limapitabe ku seva yomweyo. Mmodzi akagwa, anzake amapitiriza. Anthu akachuluka, mumangowonjezera wina. Mu 2018 Facebook inatulutsa yake yotchedwa Katran kuti aliyense aigwiritse ntchito mwaulere. Mapulogalamu ena a ntchito yomweyi, monga HAProxy, NGINX ndi LVS, akhala aulere kwa zaka zoposa makumi awiri.

Mfundo imeneyi tiigwiritse. Nzeru zake si zachinsinsi, ndipo pulogalamu yake siifuna forex. Wophunzira wa ku MUBAS, MUST, Mzuni kapena UNIMA atha kuitsitsa usiku uno n'kuiyesa pa laputopu. Chimene chimadula ndi maseva okwanira, magetsi odalirika, ndi anthu olipidwa bwino oti azikhala maso usiku.

Sindikunena kuti akuluakuluwo sagwa. Pa 4 October 2021 Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima pafupifupi maola 6 dziko lonse lapansi, chifukwa cha cholakwika pokonza misewu ya mkati mwa netiweki yawo. Kusiyana kwake n'kwakuti pasanathe masiku awiri kampaniyo inalemba poyera chimene chinachitika, sitepe ndi sitepe. Sinangoti "netiweki inavuta."

Tiwerengetsere limodzi

Ena anganene kuti sisitimu ya dziko lonse ndi katundu wolemera, Malawi sangaukwanitse. Nditatenga kakyuleta ndinapeza zina. Tiyerekeze kuti mabanja 3.8 miliyoni aja agula m'masiku 60, maola 8 pa tsiku. Amenewo ndi masekondi 1,728,000. Mukagawa, mupeza anthu awiri ndi kachidutswa pa sekondi. Ngakhale aliyense atabwera katatu, tsiku la NPK, tsiku la Urea, tsiku la mbewu, sizifika khumi pa sekondi. Imeneyi si ntchito yoopsa kwa seva ya masiku ano.

Ndiye chimagwetsa masisitimu otere n'chiyani? Anthu sabwera mogawana bwino choncho. Amabwera pamodzi: m'mawa depoti ikangotsegula, lole ikangotsitsa katundu, mvula yoyamba ikangogwa. Chimodzimodzi zotsatira za mayeso. Olemba MSCE masiku ano amapitirira 150,000 pa chaka. Tiyerekeze kuti aliyense ali ndi anthu anayi omufunira zabwino, ndipo onse atsegula tsamba limodzi m'mphindi khumi chilengezereni. Amenewo ndi mafunso 1,250 pa sekondi. Sisitimu siimangidwa poyang'ana tsiku wamba. Imamangidwa poyang'ana ola loipitsitsa la chaka, monga mlatho umamangidwira madzi a mu February, osati a mu September.

Kenaka pali chimene tonsefe timachita: ikachedwa, timadinanso. Kalaliki amadinanso, app nayo payokha imayesanso. Seva imene inangochedwa pang'ono imalandira mafunso kuwirikiza katatu, kasanu, ndipo ambiri mwa mafunsowo eni ake anatopa kale kudikira. Ikuvutika kuyankha anthu amene anachoka. Ikagwa n'kudzutsidwa, khamu lonse lija limaigwera nthawi imodzi, n'kugwanso. Mankhwala ake ndi odziwika. App iziyesanso mochedwerapo ulendo uliwonse, sekondi imodzi, ziwiri, zinayi, zisanu ndi zitatu, ndipo foni iliyonse iwonjezere kanthawi kake kosiyana kuti zisabwerere limodzi.

Ndipo kapitawo aphunzire kukana. Akatswiri amatchula zimenezi load shedding, mawu omwe aja tinawadziwira ku ESCOM. Kuli bwino kuthandiza anthu 80 bwinobwino, 20 n'kuwauza msanga kuti ayesenso pakatha mphindi zisanu, kusiyana ndi kulandira onse 100 n'kulephera onse. Pokanapo pakhale kusankha. Mlimi amene ali pakauntala atsogole, bwana wa ku Capital Hill amene akufuna lipoti la tsikulo adikire usiku.

Zimene kapitawo sangathe

Ndisakunamizeni kuti load balancer ndi mankhwala a matenda onse. Mutha kukhala ndi makina khumi ndi kapitawo waluso, koma ngati onse ayenera kudzera kwa kalaliki mmodzi wa buku la malisiti, mzere umangosamukira pamenepo. Bukulo ndi database, kaundula wamkulu.

Apa zotsatira za mayeso ndi feteleza zimasiyana. Zotsatira zikatuluka sizisintha, choncho mutha kuzikopera m'malo zana, aliyense n'kuwerenga pamene pamuyandikira. Feteleza ayi. Munthu akagula, ziyenera kulembedwa, ndipo zilembedwe kamodzi. Tangoganizani: foni yatumiza, kaundula walemba kuti wagula, koma yankho latayika panjira. Kalaliki akuona ngati zakanika, sapereka thumba. Mawa mlimi abwera, makina akuti munatenga kale. Amukhulupirira ndani? Sisitimu yomangidwa bwino imapatsa kugula kulikonse nambala yakeyake, kuti foni ikafunsanso, seva iziti "zimenezi ndinalemba kale, mupatseni katundu wake," osati kumutenga ngati wakuba. Komanso kaundula atha kugawidwa. Palibe chifukwa choti mlimi wa ku Ukwe kapena Demera aime pamzere umodzi wa m'kompyuta ndi wa ku Nsanje.

Pali funso lina lalikulu: kodi n'koyenera kuti kugula kulikonse kuzidikira yankho lochokera kutali? Yankho lake linayesedwapo kwathu konkuno. Mu 2008 wophunzira wa ku Stanford, Josh Nesbit, anafika pachipatala cha St Gabriel's ku Namitete ndi mafoni 100 wamba, laputopu imodzi ndi pulogalamu ya FrontlineSMS. Anthu odzipereka a zaumoyo m'midzi, amene kale amayenda mitunda italiitali kukapereka malipoti, anayamba kutumiza mauthenga a SMS. Ntchito imeneyo ndiyo inabala bungwe la Medic Mobile, limene linafalikira m'maiko ambiri. Chinsinsi chake chinali chakuti anamanga poganizira netiweki yofooka. Uthenga umatha kudikira, netiweki ikabwera n'kupita. Ntchito siimaima.

App ya padepoti itha kumangidwa ndi mtima womwewo. Foni isunge mndandanda wa alimi a dera lake, itsimikize chitupa pomwepo, n'kutumiza malipoti kulikulu netiweki ikapezeka. Zoona, pali chiopsezo choti wina agule pa Nsaru m'mawa n'kuthamangira kwa Kabudula masana makaundula asanalumikizane. Koma mlimi aliyense akamangiriridwa ku madepoti awiri kapena atatu a kwawo, mpatawo umachepa, ndipo wachinyengoyo amagwidwabe madzulo chifukwa chitupa chili ndi dzina lake. Poopa wakuba mmodzi sitingagoneke mudzi wonse panja.

Chomaliza ndi malo. Mu July 2022 boma linatsegula National Data Centre ku Blantyre, yomangidwa mogwirizana ndi Huawei. Ndi chinthu chabwino. Koma tikumbukire kuti mu January 2022 namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo mu March 2023 Freddy anasakaza Blantyre yemweyo. Tikumbukirenso February 2024, pamene Lazarus Chakwera, ali mtsogoleri wa dziko, anauza Nyumba ya Malamulo kuti mbava za pa intaneti zalowa m'sisitimu ya mapasipoti, ndipo kusindikiza kunaima kwa masabata. Zifukwa zake n'zosiyana, koma phunziro ndi limodzi. Sisitimu iliyonse imene dziko likudalira iyenera kukhala m'malo awiri otalikirana, onse amoyo, ndipo kapitawo azitha kutembenuzira anthu kwina pakagwa vuto. Malo achiwiri amene sanayesedwepo ali ngati tayala la sipeya lopanda mpweya.

Za ndalama

Ndikudziwa chimene ena akunena mumtima: dziko likusowa mankhwala ndi mafuta, mukufuna tigule maseva oti azingokhala miyezi khumi pachaka? Funso ndi lomveka. Kubwereka maseva kwa Amazon kapena Microsoft, kumene mumawonjezera mphamvu pa sabata yovuta yokha n'kubweza, kumalipidwa m'madola amene tilibe. Kumadaliranso nthambo za pansi pa nyanja zija, ndipo pansi pa lamulo la Data Protection Act la 2024, kutumiza kunja mbiri ya anthu si nkhani yongodzuka n'kuchita.

Koma taonani kalendala. Feteleza amavuta mvula ikamayandikira. Msika wa fodya umatsegulidwa cha mu April. Zotsatira za mayeso zili ndi nyengo yake, misonkho ili ndi masiku ake, malipiro a ogwira ntchito m'boma ndi kumapeto kwa mwezi. Nthambi iliyonse ikagula seva yakeyake n'kuitsekera m'kachipinda kake, iliyonse imagwa pa tsiku lake pamene za anzake zikugona. Maseva omwewo ataikidwa pamodzi, kuseri kwa akapitawo amodzi, mphamvu itha kusamukira kumene kwatentha mwezi umenewo. Ndi nzeru ya chiperegani, si yachilendo kwa ife.

Ndipo load balancer yotsika mtengo kuposa zonse si ya kompyuta. Ndi mfumu ndi mlangizi. Midzi ikapatsidwa masiku ake, Lolemba awa, Lachiwiri awa, ndipo feteleza akafika m'madepoti mu September m'malo modikira mitambo, khamu limagawika lisanafike n'komwe pa seva. Katundu akachedwa, dziko lonse limathamangira pakhomo limodzi sabata imodzi, ndipo palibe injiniya amene angakonze kuchedwa kwa unduna.

Mafunso oti tizifunsa

Walira mvula walira matope. Tinalira kuti ntchito za boma zipite pa intaneti, ndipo n'zoona zimachepetsa katangale. Matope ake ndi awa, ndipo ofunika kuwakonzekera. Sitonse tikhale mainjiniya, koma tonse titha kufunsa, ndipo lamulo la Access to Information, limene linayamba kugwira ntchito mu September 2020, limatipatsa mphamvu yofunsa nthambi za boma.

Sisitimu isanatsegulidwe, kodi inayesedwa ndi khamu lofanana ndi la tsiku loipitsitsa, ndipo inapirira mafunso angati pa sekondi? Seva imodzi ikazimitsidwa dala masana, anthu amazindikira? Malo onse akazima, achiwiri amatenga mphindi zingati kuti ayambe? Mu kontirakiti munalembedwa kuti kampani ilipira chiyani sisitimu ikagwa, ndipo makiyi ake ali m'manja mwa ndani kontirakitiyo ikatha? Ikagwa, lipoti lofotokoza chifukwa lituluka liti, ndipo lituluka m'Chichewa?

Aphungu a kumadzulo ndi kumpoto kwa Lilongwe afunse zimenezi m'makomiti awo bajeti isanadutse. A PPDA aziyang'ane m'mapepala a matenda asanavomereze. Ife atolankhani tisiye kulemba kuti "vuto la netiweki lasokoneza" ngati kuti tamaliza nkhani, pomwe m'pamene ikuyambira.

Ndipo inu amene mukuwerenga pafoni, mwina ndinu amene kwanu amakutumani kukaima pamzere m'malo mwa agogo. Kalaliki musamukalipire, iye sanamange sisitimu, nayenso akufuna kuweruka. Koma onani ngati WhatsApp ikuyenda, lembani tsiku, nthawi ndi malo, jambulani uthenga umene uli pafoni ya kalalikiyo ngati walola, n'kutumiza kwa khansala, kwa phungu ndi kwa ife. Malipoti makumi asanu ochokera ku Namitete, Nsaru, Mpingu ndi Nambuma, onse a ola limodzi, ndi umboni umene mkulu aliyense sangaukane ndi mawu awiri.